Ndani akuoneka mbuu pa zithunzi zanu?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye ndiyambe ndi kapempho. Musanapitirize kuwerenga, tsegulani zithunzi za m'foni mwanu, mupeze za ukwati kapena chinkhoswe chimene munapitako posachedwapa. Amene ali kutsogolo aja asiyeni kaye. Yang'anani kumbuyo kwawo, kumene kuli utsi, mapoto ndi mitu ya mipango. Alipo amene mukumudziwa kumeneko? Nkhope yake ikuzindikirika, kapena yangoti mbuu? Yankho lanu lisungeni, tilifuna kutsogoloku.

Ine kwathu ndi kwa Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Amalume anga, alongo awo a mayi, anali ojambula zithunzi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Amene munakula nthawi imeneyo mukuwakumbukira anthu a ntchito iyi: njinga, kachikwama kachikopa m'khosi, ndi envulopu yodzaza zithunzi za anthu amene sanamalize kulipira. Loweruka ankazungulira m'maukwati a ku Chileka, tsiku la msika n'kupalasa mpaka ku Lirangwe. Kamera yawo inali Pentax K1000, imene anagula kwa munthu wina wobwera kuchokera ku Joni. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 36. Ikadzadza ankakwera basi kukatsukitsa m'tauni ku Blantyre, ndipo wojambulitsa ankadikira sabata imodzi kapena ziwiri kuti adzione. Ena ankabwereka jekete, ena ankanyamula wailesi yopanda mabatire, ena ankaima atagwira njinga ya eni. Munthu ankajambulitsa kamodzi pachaka, mwinanso kamodzi moyo wake wonse, ndiye ankafuna aoneke monga mmene ankadzilotera.

Kenako kunabwera makamera a dijito, pambuyo pake mafoni. Filimu inayamba kusowa m'masitolo. Ngakhale Kodak yeniyeniyo, kampani imene injiniya wake Steven Sasson anapanga kamera yoyamba ya dijito mu 1975, inakagwada kukhoti mu 2012 ngongole zitaikulira. Nanga chimphona chotere chikagwa, amalume ndi njinga yawo akanalimba bwanji? Pentax ija anaikulunga m'kansalu, n'kuitsekera m'sutikesi yachitsulo, iwo n'kubwerera kumunda wawo wa nandolo.

Zaka zingapo zapitazo nanenso ndinayamba kujambula, pofuna kapezedwe ka Loweruka ndi Lamulungu. Ndinagula kamera ya kaunjika, Sony a6000, pamodzi ndi lenzi yake, chigalasi chakutsogolo chija chimene chimasonkhanitsa kuwala. Sipanathe miyezi itatu ndinaigwetsa pasimenti, lenzi n'kuuma gwa, osatuluka osabwerera. Mtengo wa yatsopano nditaumva ndinangoseka ndekha m'minibasi. Mnzanga wina wokonza mafoni ku Ndirande ndi amene anandifunsa kuti, "Aise, kwanu kulibe kamera yakalekale? Lenzi zake zija zimagwira pa yakoyo. Umangofunika adaputa basi."

Ndikufotokozereni pang'ono mmene zimachitikira, chifukwa nkhani yanga yagona pomwepa. Lenzi iliyonse anaipanga kuti izikhala pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pamene chithunzi chimagwera. Kale chinkagwera pa filimu, lero chimagwera pa kachipangizo kotchedwa sensa. Makamera akale ngati K1000 anali ndi kagalasi koonera m'kati mwake, pakati pa lenzi ndi filimu, choncho lenzi inkakhala patali ndithu: pa Pentax mtundawo ndi mamilimita 45.46, pa Nikon 46.5. Kuyambira 2008, pamene Panasonic inatulutsa Lumix G1, kunabwera makamera opanda kagalasi kaja, ndipo matupi awo ndi opyapyala. Pa Sony yangayi mtundawo ndi mamilimita 18 okha. Tsono adaputa ndi kachitsulo kozungulira ngati chibangili chonenepa, kobowoka pakati, kopanda galasi, kopanda waya. Ntchito yake ndi kudzaza mamilimita 27 ndi kanthu otsalawo, kuti lenzi yakale ikhale pa mtunda umene anaipangira. Ndi chifukwa chake masiku ano ojambula m'maiko ambiri akusakasaka lenzi zimene zinatayidwa kale: za Pentax, za Nikon, za Minolta, za Canon FD zimene Canon yomweyo inazitembenukira msana mu 1987 itayamba makamera a EOS, ndi Helios 44 ya ku Soviet Union imene inkabwera ndi makamera a Zenit.

Ndinapita kwa amalume ndi kasuga m'manja. Anatsegula sutikesi, anamasula lenzi ija, ya 50mm, n'kuiloza kudzuwa kuti aone ngati mwamera nkhungu m'kati, paja chinyontho cha dzinja chimawononga magalasi. Inali mbee. Pondipatsa anati, "Mphwanga, tenga. Koma dziwa kuti ichi chilibe batire, chilibenso nzeru. Nzeru zake n'zako."

Ndinamvetsa mawuwo nditaimanga pa kamera. Lenzi zamakono zimalankhulana ndi kamera. Kamera imafufuza nkhope, imapeza diso, n'kuyendetsa kamota kam'kati kuti nkhopeyo ioneke bwino iwe usanaphethire n'komwe. Fokasi yodziyendera yokha inafala kuyambira 1985, pamene Minolta inatulutsa kamera yake ya 7000, koma zofufuza nkhope ndi diso zinabwera pambuyo pake. Lenzi ya amalume ndi yosalankhula. Ili ndi mphete ziwiri zopotokola ndi dzanja. Ina ndi yokulitsa kapena kuchepetsa kabowo kolowera kuwala, manambala ake kuyambira 2 mpaka 22. Inayo ndi ya fokasi, yosankhira mtunda umene zinthu zizioneka bwino. Ukatsegula kabowo konse, pa 2, n'kuima mamita awiri kuchokera kwa munthu, malo ooneka bwino ndi masentimita pafupifupi 13 okha, kutalika kwa cholembera. Nkhope imodzi ikaoneka, amene waima kuseri kwa phewa lake wasanduka kale chimbuuzi. Sungaonetse onse. Uyenera kusankha, ndipo chala chako ndi chimene chimasankha.

Masabata oyambirira anali amanyazi. Ana sakhazikika, nkhuku sizidikira, ovina ndiye musanene. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga, nthawi ya perekaniperekani, ndinajambula zithunzi zambirimbiri koma zooneka bwino sizinakwane khumi. Msuweniyo mpaka lero amandinena tikakumana. Amalume nditawaonetsa anapukusa mutu. "Fulumira anadya gaga. Yamba ndi chinthu chosathawa."

Munthu yekhayo wosathawa pakhomo pathu anali agogo aakazi, mayi awo a amalumewo. Madzulo aliwonse ankakhala pamphasa pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha nandolo. Ndiulule pano, kuti musanditenge ngati mdzukulu wachitsanzo: sindinawajambule chifukwa cha chikondi. Ndinkafuna chophunzirirapo. Chikanakhala pafupi chitsa cha mtengo, ndikanajambula chitsacho.

"Agogo, musasunthe."

"Ndisunthe ndipite kuti, mwana iwe? Jambula, koma usakandiike pa Facebook yanuyo ndisanasambe."

Kamera zamtundu uwu zili ndi batani lokulitsira chithunzi kuti uone ngati fokasi yafika. Ndinakulitsa pa diso lawo lamanzere, n'kumapotokola mphete pang'onopang'ono. Zinayamba kutuluka nsidze, kenako makwinya, kenako timphini tiwiri ta patsaya timene ndinali ndisanationepo ngakhale ndinakulira m'manja mwawo. Koma pakati penipeni pa diso panali potuwa. Ndinati mwina ndi fumbi la pa lenzi, ndinapukuta. Ndinati mwina fokasi sinafike, ndinapotokola uku ndi uku. Kutuwako osachoka. Inali ng'ala.

"Agogo, diso ili limaona?"

"Limenelo linasiya dzinja lapitalo. Linali likundikwanira."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Anafunsa ndani?"

Pakhomo pamenepo tinalipo anthu asanu ndi anayi, mafoni asanu. Tonse tinkawadzutsa m'mawa uliwonse, tonse tinkadya nsima imene ankatigawira. Miyezi yonseyo diso linali pomwepo, poyera, osabisika. Tinapita nawo ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti pa opaleshoni ya ng'ala madokotala amachotsa kagalasi kachilengedwe ka m'diso kamene kachita mtambo, n'kuikamo kena kopanga koyera. Amalume atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe lenzi yakale pa kamera yatsopano, amayi lenzi yatsopano pa thupi lakale!"

Tsono funso limene ndabwera nalo sabata ino ndi ili: kodi n'chabwino kuti makina azitisankhira munthu woti timuone?

Chichewa chathu chimadziwa kuti maso ali ndi ntchito zingapo. Pali kuyang'ana, pali kuona, pali kuonetsetsa. Munthu atha kukuyang'ana tsiku lonse koma osakuona. Tikapita kwa wodwala timati, "Tabwera kudzakuonani," ndipo palibe amene amaganiza kuti tikunena za maso okha. Tabwera ndi nthawi yathu, takhala pansi, tafunsa, tamva. Taonaninso mmene mawu akuti kuyang'ana amakulira: ukawatalikitsa pang'ono amasanduka kuyang'anira, kumene ndi kusamala. Makolo anaika zimenezi m'chilankhulo chifukwa ankadziwa kuti kuona munthu ndi ntchito, ndipo ntchitoyo imadya nthawi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kamera yodzisankhira fokasi imatsata malamulo amene anaiikira kufakitale. Kawirikawiri imakonda nkhope imene ili pafupi, yaikulu, ili chapakati, yoyang'ana kumene kuli wojambula. Tsono ganizirani mwambo uliwonse wa kwanu. Ndani amakhala pafupi, pakati, nkhope ili kuno? Akwati, olengeza, alendo olemekezeka, ndi amene ali ndi ndalama zoponya m'lichero. Ndani ali kutali, chakumbali, atawerama? Ophika, otunga madzi, owaza nkhuni, adzukulu okumba manda, ndi okalamba amene phokoso la zimkuzamawu lawathamangitsira kuseri kwa nyumba. Makinawo alibe nkhanza ndi munthu. Amangotsatira mmene ife tinakhazikirana kale, n'kusindikiza pamenepo.

Chimene chimandivuta ine n'chakuti kamera ikasankha, ine sindimva kuti pasankhidwa kanthu. Ndimangodina, chithunzi chatuluka chokongola, ndapita. Amene wasiyidwa kumbuyo uja palibe amene wamusiya. Zangochitika. Koma ndi mphete ija m'dzanja, ndikaonetsa mkwatibwi n'kusiya azakhali ake amene anagona kumoto usiku wonse, chala changa chimadziwa chimene chachita. Mwina ndasankha bwino, paja tsikulo ndi la mkwatibwi. Komabe ndikudziwa kuti ndasankha, ndipo azakhaliwo akadzafunsa kuti, "Ine ndili pati?" yankho lili ndi mwini wake. Kwathu mlandu wopanda mwini sutha, umangokwiriridwa. Kusaona anthu kumene kulibe mwini nakonso sikutha, chifukwa palibe amene chimamupweteka kuti asinthe.

Musaganize kuti izi zimathera pa kamera. Nkhani inoyi ena mwa inu Facebook yakuonetsani pamwamba, ena yakubisirani, ndipo palibe amene anakufunsani. Mbale amene amaika zithunzi tsiku lililonse mumadziwa ngakhale ndiwo zimene wadya. Mbale amene alibe bandulo, kapena alibe foni, amazimirira pang'onopang'ono m'maganizo mwanu popanda tsiku limene munanena kuti, "Uyu ndamutaya." Mumadzangomva uthenga wa maliro.

Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli ojambula enieni, amene ana awo amadya za kamera, ndipo ndikumva kale zimene mukunena. "Iwe uli ndi nthawi yoseweretsa. Mkwatibwi amalowa m'tchalitchi kamodzi. Mphete imalowa ku chala kamodzi. Ukaphonya ukamuuza chiyani mwini ndalama?" Mukunena zoona, ndipo msuweni wanga akhoza kukuikirani umboni. Inenso nditapeza ndalama ndinagula lenzi yodzisankhira fokasi, ndipo kuukwati ndimapita ndi imeneyo. Amalume enieniwo lero sangathenso kupotokola mphete ija n'kufikitsa, maso awo atopa, koma ndi foni amajambula zidzukulu bwinobwino. Mayi wa ku Lirangwe amene kale akanadikira wanjinga kamodzi pachaka, lero amajambula mwana wake mwezi ndi mwezi n'kutumizira bambo ake ku Joni. Chimenecho ndi chabwino, ndipo amene angakuuzeni kuti tibwerere ku filimu sanalipirepo filimu.

Palinso china chimene chimandiletsa kupembedza zakale. Amalume anayenda ndi lenzi yomweyi zaka pafupifupi makumi awiri. Anajambula maukwati, ubatizo, matimu a mpira, ana a sukulu, anthu osawerengeka. Koma titafufuza m'maenvulopu awo onse, chithunzi cha mayi awo tinapeza chimodzi, nachonso ali kumphepete pa ukwati wa eni, theka la nkhope litadulidwa. Ndinawafunsa. Anati, "Filimu inali ndalama, mphwanga. Cha amayi akanalipira ndani?" Atatero anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana pansi. Ndiye mukuona kuti lenzi yamanja siipatsa munthu mtima wabwino. Dzanja nalo litha kutsata ndalama monga mmene makina amatsatira nkhope yapafupi. Kusiyana kwake ndi kumene ndinakuona pakhonde tsiku limenelo: amalume ndinatha kuwafunsa, anayankha, ndipo manyazi anawagwira. Foni simungaifunse, ndipo siingachite manyazi.

Filimu nayonso sinali yosalakwa. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza makina awo pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, limene linkatchedwa Shirley. Khungu lake ndilo linali muyezo. N'chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri tili ndi zithunzi zakale m'maalubamu zimene agogo athu akungooneka maso ndi mano. Lorna Roth, wofufuza wa ku Canada, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kukonza mitundu yoderapo anali makampani a chokoleti ndi a mipando yamatabwa, podandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi. Tamvani zimenezo: chokoleti chinamveka msanga kuposa munthu. Ndipo makina amakono anatengera khalidwe lomwelo. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu ongoona nkhope n'kunena ngati ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera khungu sankalakwitsa kupitirira 0.8 pa 100 aliwonse. Pa amayi akuda khungu kulakwitsako kunkafika 34.7 pa 100 aliwonse. Mapulogalamu amenewo ndi osiyana ndi fokasi ya kamera, koma phunziro lake n'limodzi: chipangizo chilichonse chimabwera ndi maso a amene anachipanga, ndipo amene anachipangayo agogo anu sankawadziwa. Mukachisiyira chisankho chonse, mwabwereka maso a mlendo kuti muonere abale anu.

Sindikunena kuti maso a mlendo ndi oipa nthawi zonse. Kwathu komweko kwa Kuntaja, m'mudzi mwa Singano, kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba. Mu 1967 anali anyamata oimba m'misewu ya Blantyre, gitala ndi chitoliro, nyimbo za kwela. Anthu ankadutsa, kuyang'ana, ena kuponya kandalama, n'kupitiriza ulendo. Gerhard Kubik, wofufuza nyimbo wa ku Austria, anaima, anamvetsera, n'kuwajambula kanema. Lero onse awiri anatisiya, koma titha kuona zala zawo zikuyenda chifukwa munthu wina anaima n'kuloza kamera pa anyamata amene ena ankangowalambalala. Funso loti n'chifukwa chiyani anachita kukhala wochokera kutali chonchi ndi lathu, tisalithawe. Ndi angati m'midzi mwathu oimba bangwe, oumba mbiya, anamkungwi, azamba, amene anapita popanda wowaimira? Nthawi imeneyo tinali ndi chowiringula, makamera anali a owerengeka. Lero kamera ili m'thumba la pafupifupi aliyense amene akuwerenga izi.

Agogo anakhala nafe zaka zina zingapo, akuona ndi maso onse awiri, akutidzudzula pa nandolo wosasankha bwino. Atamwalira, abale anati pafunika chithunzi choika patsogolo pa bokosi. Uthenga unayenda pa gulu la WhatsApp la banja, aliyense n'kuyamba kufufuza m'foni mwake. Zithunzi zimene agogo analimo zinabwera zambiri zedi. Pena chigongono chawo, pena mpango wawo kuseri kwa keke, pena msana wawo atawerama pamoto. Pa mwambo uliwonse wa banja analipo, ndipo pa mwambo uliwonse anali mbuu. Zooneka nkhope zinali za lenzi ya amalume zokha.

Ndinali nazo zingapo zimene ndinajambula pambuyo pa opaleshoni, maso ali ngwee, atavala chitenje cha kumpingo. Koma amalume, monga eni mbumba, analoza choyambirira chija, cha lichero pamiyendo ndi ng'ala m'diso. Mayi anga aang'ono anakana. "Achimwene, anthu akaona chiyani? Mwanayu achifufute kaye choyeracho pa kompyuta." Amalume anati, "Ayi, mlongo. Chisiyeni. Anthu akaone chimene ife tinalephera kuona." Anakangana pang'ono, monga mmene zimakhalira pamaliro, mpaka anagwirizana kuti patsogolo pa bokosi paikidwe cha chitenje cha kumpingo. Cha ng'ala chija amalume anachitsukitsa chachikulu, ndipo chili pakhoma m'nyumba mwawo, pamene amachiona akamadya.

Mpaka lero sindinganene kuti wolondola anali ndani. Mayi aang'ono ankateteza ulemu wa mayi awo, ndipo agogo eni ake, amene sankafuna kuonekera asanasambe, mwina akanakhala mbali yawo. Kuona munthu sikukupatsa ufulu womuonetsa kwa aliyense. Amalume nawo ankakana kuti tidzikhululukire msanga. Pakhoma paja, ndikuganiza, ndi pamalo pake: amene ayenera kuchiona tsiku ndi tsiku ndi ife, osati mudzi wonse.

Tsopano bwererani ku zithunzi zija ndinakupemphani poyamba. Munthu amene munamupeza kumbuyo uja, dzina lake mukulidziwa. Mwina ndi azakhali, mwina ndi mtsikana wantchito, mwina ndi bambo anu omwe. Simukufunika lenzi yakale kuti mumuone. Pa mafoni ambiri amakono, ukagunda ndi chala pa nkhope imene ukufuna, fokasi imapita pomwepo. Kabatani kameneko kalipo, kungoti ambirife sitikagwiritsa ntchito chifukwa foni imakhala itasankha kale, ndipo chimene yasankha chimaoneka bwino. Lenzi ya amalume inangondichotsera njira yachidule, n'kundikakamiza kukhala pamphasa mphindi zingapo zimene ndinayenera kukhalapo kalekale popanda kamera.

Ngati kwanu kuli sutikesi yokhala ndi kamera ya malemu kapena ya achikulire ena, musaitaye, musawapatsenso ana kuti aziseweretsa. Masulani lenzi, muiloze kowala muone ngati mulibe nkhungu, muisunge pouma. Werengani dzina lake, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi adaputa yakeyake, ndipo zimagwira mosavuta pa makamera opanda kagalasi aja. Mudzataya zithunzi zambiri poyamba, musadzaphunzirire pa ukwati wa eni ngati ine. Koma ngakhale mulibe zonsezi, sabata ino isathe musanapite kwa munthu wa kumbuyo uja. Mupempheni kaye, mumulole asambe ndi kuvala chimene akufuna. Mukhale naye pansi. Musanadine, muyang'aneni mpaka mupeze kanthu kamodzi kamene simunkakadziwa pankhope pake, ndipo mumufunse za kanthuko.

Ndikufuna kumva kwa inu m'munsimu. Pa zithunzi zanu munapeza ndani ali mbuu? Ndipo inu ojambula a ntchito, mukakhala pa mwambo, mumapita kuseri kumene kuli mapoto, kapena mumathera pamene pali olipira? Musaope kunditsutsa, paja mutu umodzi susenza denga.